Khungu la Chipo

Ndikamva fungo la parafini, ndimaona khosi la mng'ono wanga Chipo. Magetsi atazima kukomboni ya mgodi ku Bindura, chitofu chinamuphulikira. Bala litapola, chipsera chinakokera chibwano chake pachifuwa.

Adokotala anauza amayi kuti, "Mafuta odzola sangathandize. Ku Harare angathe kuchotsa khungu pantchafu n'kulisokerera apa."

Ine ndinkayesa akunena ntchafu yanga. Posamba ndinkaikhula ndi mwala mpaka kutuluka magazi, kuti khungulo likafike loyera.

"Sisi, tipita liti?" Chipo ankandifunsa, maso ali pansi chifukwa mutu sunkadzuka.

Chaka chimenecho zipatala zazikulu zinatseka, ulendo n'kufera m'mazira. Ndinadziwa nditakula kuti khungu lofunikalo linali lake lomwe. Mpaka lero Chipo amandipatsa moni akuyang'ana mapazi anga.