Botolo la Seveni Koloko

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, ankagwira ntchito yoyeza madzi pa fakitale yonyika nsalu mu utoto. Inenso ndinali momwemo, tebulo langa moyang'anana ndi lawo, kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Chipinda chathu chinali chopapatiza, cha windo limodzi, ndipo chinkanunkha mankhwala mpaka fungolo tinkapita nalo kunyumba m'malaya. Pafakitale ponse alamuwo ankadziwika ndi dzina loti a Mafunso.

Dzinalo sanalitole panjira. Ali mnyamata anapita kusukulu ya unsembe, nakhalako zaka zitatu akuphunzira filosofi, kenako anatuluka. Ena ankati anachotsedwa, ena ankati achemwali anga ndiwo anawagwetsa ndi kayendedwe. Eni akewo ankangoti anafunsa funso limodzi lopyola muyeso. Anabwerako ndi mabuku asanu okutidwa ndi pepala la thumba la simenti, ndiponso chizolowezi chosalola mawu kudutsa osawagwira pamkono. Ukati, "Zili bwino," iwo amati, "Bwino kwa yani, alamu?" Ukati lamulo likutero, amafuna adziwe amene analilemba ndi zimene anali atadya tsikulo. Anthu ankawaseka, koma ankawakonda. Maliro akagwa, woyamba kufika ndi khasu anali iwowo.

Ntchito yathu inali yotere. Madzi otsalira m'mathanki a utoto ankatuluka kudzera m'ngalande yodutsa pansi pa mpanda, n'kukathira mumtsinje. Tsiku lililonse alamu ankatunga botolo limodzi pakamwa pa ngalandeyo, ife awiri n'kuliyeza, n'kulemba manambala pa fomu. Mwezi ukatha, iwo monga wamkulu pa ine ankasaina, mafomuwo n'kupita ku ofesi ya boma yoona za madzi. Botolo linkatungidwa seveni koloko m'mawa. Mathanki ankatsegulidwa teni koloko. Palibe pamene zinalembedwa kuti zizitero. Tinazipeza, monga mmene tinapezera tebulo ndi windo lija.

Tsiku lina alamu anapunthwa pakhomo, botolo n'kusweka. Panali patadutsa nthawi, chifukwa anayamba athandiza kukonza sikelo, choncho anabwerera kungalande cha m'ma leveni. Anakhalitsako. Pobwera anaika botolo patebulo langa. Madzi ake anali obiriwira moderako ngati ndulu.

"Kumunsi kwa mpanda kuli amayi akuchapa," anatero. "Mmodzi wandionetsa manja. Ang'aluka ngati dothi la chilimwe. Akuti ndi sopo."

Tinayeza. Manambala anapyola malire a boma kasanu ndi kawiri. Ndisanamepo, tonse tinkadziwa kuti mtsinje umasintha mtundu masana. Tinkadziwa monga munthu adziwira kuti adzamwalira, osaziika pamtima. Alamu anakhala pampando, navula magalasi.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikusautsa anthu ndi mafunso," anatero, "koma botolo langali sindinalifunsepo kuti limatungidwiranji seveni koloko."

Kuyambira tsiku limenelo ankatunga mabotolo awiri, la seveni ndi la leveni, n'kulemba manambala onse. Mwezi utatha, mkulu wa chipinda chathu, amene tinkawatchula kuti a Dokotala chifukwa cha madigiri awo, anabwera ndi mafomu m'manja. Sanali munthu woipa. Anali ndi ana asanu ndi zilonda za m'mimba.

"A Mafunso, mzere wachiwiriwu wachokera kuti?"

"Kungalande komweko, bwana."

"Tandiuzani, nambala ya seveni koloko ndi yabodza?"

"Si yabodza."

"Makina athu ngowonongeka?"

"Ali bwinobwino."

"Ndiye vuto lili pati? Sayansi ndi kuyeza. Tayeza, talemba zimene tapeza. Zinazo n'zakuguwa, kumene munathawa kuja."

"Makina amayankha chimene mwawafunsa, bwana. Wosankha funso ndi munthu. Fomuyi akaiwerenga uko adzati mtsinje uli bwino. Ife tikudziwa kuti adzatero, ndipo n'chifukwa chake timalawirira. Nambala iliyonse pamenepa ndi yoona, koma pepala lonse ndi bodza."

A Dokotala anaseka pang'ono, atagwira pamimba. "Chikhala kuti nzeru zimenezi zimaphikidwa, bwenzi mutanenepa. Lembaninso mafomu ndi mzere umodzi, musaine pofika Lachisanu. Apo ayi, akuluakulu akuti mubweze makiyi."

Makiyi ake anali a nyumba. Alamu ndi achemwali ankakhala m'nyumba ya kampani, ya zipinda zitatu, mpope uli pakhomo penipeni. Achemwali anali atayamba kale kuvutika ndi miyendo, moti mpopewo unali ngati mwana wowatumikira. Alamu anali atatsala ndi zaka ziwiri zokha kuti apume pantchito.

Lachinayi madzulo, dzuwa lisanalowe, ndinapita kwawoko. Ndinapeza achemwali atakhala pakhonde, miyendo ili m'beseni la madzi ofunda, alamu ataima chapatali ngati mlendo.

"Achimwene, tawalankhulani anzanuwa," anatero achemwali. "Ine pakamwa pauma. Ndawafunsa kuti filosofi yawoyo ili ndi denga? Ili ndi mpope? Amayi akumtsinjewo ndi abale awo? Ine amene ndawachapira zaka makumi atatu, manja anga anayamba awayang'anapo?"

"Ndinawayang'ana, mayi," anatero alamu motsitsa mawu.

"Ndiye sainani."

"Dzanja likukana."

"Likukana cholembera, koma supuni silikana."

Ndinayesa kuwanyengerera alamuwo. Ndinati zaka ziwiri si kanthu, apirire, akadzapuma adzalankhule momasuka. Anandiyang'ana mwachifundo, ngati ine ndi amene ndinali pamavuto.

"Alamu, mwezi wathawu ndinkasaina ndisanaone manja aja. Tsopano ndawaona. Kodi pali njira yoti munthu asiye kudziwa chimene wadziwa?"

Lachisanu sanasaine. A Dokotala anabweretsa mafomu atsopano patebulo langa, naika cholembera pambali pake, osandiyang'ana kumaso. Ndinali ndi ana anayi kusukulu. Ndinasaina. Alamu anali pomwepo, akutsuka mabotolo awo komaliza, ndipo anawayanika bwinobwino mozondotsa monga mwa masiku onse.

Kalata yawo inati achotsedwa chifukwa chokana ntchito. Katundu tinasamutsa pa ngolo, kupita m'kachipinda kamodzi kuseri kwa shopu ya kalipentala, kumene utuchi unkalowa mpaka m'mabulangete. Mpope unali kutsidya kwa msewu. Alamu analembera ofesi ya boma, natumiza manambala awo a leveni koloko. Patapita miyezi itatu anthu a boma anabweradi. Anayamba atumiza uthenga wa tsiku lobwera, ndipo anafika hafu pasiti seveni. Madzi anawapeza oyera. Amene anawagwirira botolo ndinali ine.

Akale anati safunsa anadya phula, koma sanatiuze chimene wofunsa amadya. Alamu anakhala zaka zisanu ndi chimodzi akusoka maambulera ndi nsapato pakhonde la kalipentala uja. Madzi ankatunga okha, ndowa ziwiri m'mawa, ziwiri madzulo, anthu akuwaseka kuti wansembe wasanduka mtsikana wantchito. Achemwali sanawakhululukire, ndipo inenso sanandikhululukire. Ankati mmodzi anawagulitsa chifukwa cha mabuku, winayo anadyerapo. Koma alamu sananditchulirepo za fomu ija ngakhale kamodzi. Ndikafika ankandipukutira benchi, n'kundifunsa za ana mmodzimmodzi. Akananditukwana, mwina ndikanapepukidwa.

Atayamba kudwala chifuwa, tsiku lina ndinawapeza akuwothera dzuwa, buku lina lili pamwendo. Ndinalephera kudzigwira.

"Alamu, mabuku amenewa anakupatsani chiyani kwenikweni?"

Anaganiza nthawi yaitali, monga ankachitira ndi funso lililonse, ngakhale lopusa.

"Kundipatsa, sanandipatse kanthu. Anangondilanda pobisala." Anatsokomola, kenako anamwetulira. "Mayi anu aang'onowa akanakonda mpope, ndipo sindinganene kuti akulakwa."

Alamu ankawatchula choncho achemwali akafuna kuwaseka, chifukwa achemwaliwo ndi amene anandilera. Achemwali anali m'nyumba, ndipo anamva. Patapita kanthawi anatulutsa bulangete n'kuwafunditsa alamu m'mapewa mwaukali, ngati akumanga mtolo wa nkhuni.

Maliro a alamu atatha, achemwali anandipatsa mabuku asanu aja ali m'thumba. "Tengani, apo ayi ndikolezera moto." Ndili nawo mpaka lero. Ndinayesapo kuwerenga, koma mutu wanga sugwira zoterozo. Ndimangoyang'ana timizere ta pensulo timene alamu ankalemba m'mbali, tambiri totha ndi chizindikiro cha funso.

Ine ndinagwirabe ntchito zaka zina khumi ndi chimodzi, ndikutunga botolo limodzi patsiku, ndipo ndinapuma mwaulemu, anandipatsa ndi wotchi yapakhoma. Sabata yanga yomaliza anabweretsa wodzalowa m'malo mwanga, mayi wophunzira bwino, wa digiri yake, wa manja osamala pa makina kuposa ine ndi alamu kuphatikiza. Ndinamuonetsa mashelefu, mabotolo ndi njira yopita kungalande. Anandifunsa kuti madzi amatungidwa nthawi yanji. Ndinati seveni koloko. Ndinaima pomwepo, ndikudikira kuti afunse chifukwa chake. Analemba m'kabuku kake, nandithokoza.