Phazi la Kumanzere la a Jobe

A Medson Jobe anagwira ntchito ya udalaivala ku bungwe lina la mayiko ku Gigiri, m'dziko la Kenya, kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ankakhala ku Rongai ndi akazi awo, a Vailet, m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo theka la khonde lake linali la njinga yamoto ya ku Mangalande yopangidwa mu 1961. Anaipeza itadyeka ndi dzimbiri pa famu ina ku Naivasha, nkhuku zikuikira mazira pansi pa injini. Iwo ndi mnzawo Morris, Mkenya wowotcherera zitsulo, anaiphwasula yonse. Anachotsa nyali, mpando anausiya waung'ono ngati chikhatho, ndipo anasintha magiya kuti izitha kuyenda pang'onopang'ono kuposa munthu wapansi.

"Njinga yopanda liwiro, yopanda nyali, yosakhalika," ndinatero tsiku lina titatuluka m'tchalitchi. "Ndiye ntchito yake n'chiyani, a Jobe?"

"Achemwali, inu sukulu inakuchulukirani," anayankha. "Mubwere Loweruka mudzaone nokha."

Ndinakwera minibasi, imene kuno amaitcha matatu, kuchokera ku Madaraka, ndipo ndinakapeza anthu pafupifupi makumi atatu, ambiri a imvi, m'khwawa lina kupitirira Kiserian. Mpikisano wawo si wothamanga. Munthu amaimirira pa zopondera za njinga n'kuidutsitsa pa miyala, m'matope ndi pa mizu ya mitengo, osatsitsa phazi pansi. Akaponda kamodzi, chilango n'chimodzi; kawiri, ziwiri; akagwa kapena injini ikazima, zisanu. Akadutsa osaponda, ndiye ziro. Pa gawo lililonse pamaima woyang'anira amene amaboola khadi la wokwerayo ndi kachitsulo, ndipo wopambana ndi amene ali ndi zilango zochepa.

Kagulu kameneka kanali ndi mwambo umene poyamba sindinaukhulupirire. Popeza woyang'anira sangaone mbali zonse za mwala, wokwera akaponda pobisika amadziulula yekha. Ndinaganiza kuti ndi zongolankhula. Kenako ndinamva kuti chaka china a Jobe anataya chikho cha opitirira zaka makumi asanu chifukwa choulula phazi limene palibe analiona. Kuyambira pamenepo Morris ankawatcha Padiri, kutanthauza wansembe.

A Jobe ndiwo anandipempha kuti ndikhale woyang'anira. "Inu simuvomera kanthu musanakaone ndi maso," anatero. "Anthu otere kuno ndi osowa." Anandipatsa gawo lotchedwa Kisima, pamene njinga imatsika pakati pa miyala iwiri ikuluikulu, n'kudutsa pa kadziwe ka matope akuda, n'kukhotera kumanzere pokwera mtunda. Ndinaima pamenepo zaka zisanu ndi chimodzi. Okwera ochepa kwambiri anapezapo ziro. A Jobe anali atayesa zaka khumi ndi zinayi, ndipo sanatsikepo pa chimodzi.

Chaka chatha anakwanitsa zaka zopumira pa ntchito, ndipo anali oti abwerera kwawo ku Ntcheu mu Januwale. Mpikisano wa mu Novembala unali wawo womaliza. Za chikho sankazilabadiranso. Ankangofuna ziro pa Kisima.

Sabata ziwiri tsikulo lisanafike ndinawayendera ku Rongai, ndipo ndinapeza Morris akuwotcherera kanthu pansi pa injini. Njinga zakale za ku Mangalande zimakhala ndi buleki ya tayala la kumbuyo ku phazi la kumanzere. Iwo anali kuisamutsira kumanja.

"Zaka zonsezi inali bwino kumanzere. Yalakwa chiyani tsopano?" ndinafunsa.

"Malamulo amalola," anatero a Jobe. "Bola injini ndi chimango zikhale zakale."

"Sindinafunse za malamulo."

"Mwaona? Ndinakuuza, Morris, awa ngakhale dzuwa amalifunsa chikalata." Anaseka, Morris nayenso anaseka. A Vailet, amene ankasankha nyemba pakhomo, sanaseke. Ananyamula lichero lawo n'kulowa m'nyumba.

Tsiku la mpikisano kunacha kopanda mvula. A Jobe anafika pa Kisima cha m'ma leveni koloko. Monga mwa chizolowezi, anayamba aliyendera gawolo wapansi, akugwedeza mwala uliwonse ndi dzanja. Anthu onse anasiya magawo ena n'kudzaunjikana pa mwala wa kumanja, chifukwa ankadziwa kuti ndi komaliza. Ine ndinaima ndekha kumanzere, pamalo panga pa masiku onse.

Anatsika bwino kuposa mmene ndinawaonerapo. Injini inkagunda modekha ngati mtima wa munthu wogona. Tayala la kutsogolo linalowa m'matope, la kumbuyo linaterereka pang'ono, ndipo phazi lawo la kumanzere linachoka pa chopondera, linaponda m'mphepete mwa matope, n'kubwerera. Sizinatenge ngakhale kuphethira kwa diso. Nkhope yawo sinasinthe konse. Anakhota, anakwera mtunda, n'kudutsa pakati pa timbendera tomaliza.

Khwawa lonse linaphulika ndi mfuu. Morris anaponya chipewa chake m'mwamba. A Vailet anaimba nthungululu, Akenya n'kuwalandiza. A Jobe anatsamiritsa njinga pa mtengo, nabwera kwa ine atatambasula khadi, misozi ili m'maso.

"Ziro, achemwali! Boolani ndi dzanja lanu lomwelo lokana zinthu!"

Ndinali nditawaona akuulula mapazi obisika kambirimbiri. Munthu wonama amayang'ana kumbali, kapena amachulutsa mawu. Iwo anandiyang'ana m'maso ngati mwana. Ndinazindikira kuti sakunama, ndiponso kuti pa anthu onsewo ndinaona ndine ndekha. Kachitsulo kanali m'manja mwanga. Malo a ziro ndi malo a chimodzi pa khadi amatalikirana ngati m'lifupi mwa chala.

"A Jobe," ndinatero motsitsa mawu, "tiyeni titsike pang'ono."

Tinatsika awiri mpaka pa kadziwe. Chidindo cha phazi chinali pomwepo, madzi akulowamo pang'onopang'ono. Jombo yawo ya kumanzere anaimata pansi ndi chidutswa cha tayala lakale, ndipo mizere ya tayalalo inaoneka bwinobwino m'matope. Poyendera gawolo wapansi sanadutse mbali imeneyo.

Anayang'ana chidindocho nthawi yaitali. Kenako anayang'ana jombo yawo, matope ali mpaka m'kakolo. Anaponda pansi mwamphamvu kawiri, ngati munthu wogogoda pa nyumba imene akudziwa kuti mulibe anthu.

"Sindinamve," anatero. "Achemwali, sindinamve chilichonse."

Anatenga kachitsulo m'manja mwanga, naboola okha pa chimodzi. Atakwera kumtunda anakweza khadi kuti onse aone. Morris anayamba kutsutsa mokweza, theka m'Chiswahili theka m'Chingerezi, kuti matope aja ali ndi mapazi a anthu ambiri.

"Khala chete, iwe," anatero a Jobe. "Tayala lija unamata ndiwe."

Sanapitirize magawo otsalawo. Njinga anaikankha ndi manja mpaka pa msewu.

A Vailet anandipeza ndikuzula timbendera. Anandiuza kuti matenda a shuga anali atawagwira amuna awo zaka zitatu, ndipo phazi linayamba ndi dzanzi la ku zala. Mu Ogasiti anapeza msomali utaboola patapata, magazi atauma, mwini wake atayenda nawo tsiku lonse osadziwa. Dokotala anawaletsa kukwera njinga. A Jobe ankati ndi dzanzi chabe, litha.

"Ine ndinaona buleki ija ndipo ndinatseka pakamwa," anatero. "Ndinati asiyeni atsanzike bwino. Inuyo mukanangoboola ziro, akanafa ndani, Mayi Ndaziona?"

Ndinapitiriza kuzula timbendera.

A Jobe anapita ku Ntcheu mu Januwale. Njinga anamusiyira Morris, ndi lamulo limodzi: abwezere buleki kumanzere, chifukwa amene adzaikwere adzakhala ndi mapazi awiri. Mu Meyi chilonda cha ku chidendene chinakana kupola, ndipo madokotala anadula mwendo m'munsi mwa bondo.

Ndinawaimbira foni atatuluka m'chipatala. Anafunsa ngati mvula yasuntha miyala ya pa Kisima, ndiponso ngati Morris akuthira mafuta pa tcheni kapena akungoyang'ana. Ndinawauza kuti sindinapiteko chiyambire Novembala. Kenako ndinafunsa zimene zinkandisowetsa mtendere: kodi akanakonda ndikanaboola ziro?



"Mukanaboola, ndikanakhulupirira," anatero. "Khadilo ndikanaliika m'galasi pabalaza pano, ndipo aliyense wobwera kudzandizonda ndikanamuonetsa."

"Nanga khadi lenilenilo lili kuti?"

"Lili m'galasi momwemo. Koma alendo safunsa za chimodzi, achemwali."