Nsapato Mazana Awiri Zimene Nasesa Anataya

Lachisanu lina m'mawa, mtsikana wina anaima kuseri kwa myuziyamu ya boma akusuzumira m'migolo ya zinyalala. Migolo yonse inali mbee. Lole ya zinyalala inali itadutsa kale, itanyamula ntchito ya zaka zisanu ndi chimodzi ya munthu wina, ndipo amene anaitayira m'migolomo anali iyeyo.

Ndikufuna ndikusimbireni za mtsikana ameneyu, makamaka inu amene munalakwitsapo chinthu chachikulu moti mpaka lero mukachikumbukira thukuta limatuluka.

Iye anali wokolopa. Sukulu anailekera panjira atalephera mayeso kawiri, ndipo azakhali ake, omwe anamulera makolo atamwalira, ndi amene anamupezera ntchitoyo. Kwa zaka zitatu ankakolopa chipinda cha zinthu zakale, kumene mbiya, mikondo ndi mikanda zimakhala m'magalasi. Kapitawo wawo anawaphunzitsa lamulo limodzi lokha: "Chili m'galasi ndi chuma, musachikhudze. Chili pansi ndi chinyalala, chotsani."

Tsikulo anamutumiza koyamba ku holo ya zaluso zamakono, chifukwa masana ake kunkatsegulidwa chionetsero. Atalowa anapeza nsapato zakutha zili mbwee pansi: masilipasi oduka, jombo zong'ambika, tinsapato ta ana topanda tinzake. Zinali mazana awiri, zoyalidwa m'mizere kuyang'ana kukhomo. Panalibe galasi, panalibe chikwangwani. Anapukusa mutu, nati mumtima anthu ena alibe manyazi. Anadzaza matumba asanu ndi atatu, nakawataya m'migolo ya zinyalala, nakolopa holo yonse mpaka pansi kuchita kung'anima. Kunena zoona, sanagwirepo ntchito mwakhama ngati tsiku limenelo.

Cha m'ma teni koloko akulu a myuziyamu, mayi wamagalasi wosakonda zocheza, analowa ndi mwini chionetserocho. Anali bambo wachikulire wosoka nsapato pakhonde la sitolo ina, amene aliyense ankangowatchula kuti Amisiri. Bambowa ankasunga nsapato zimene eni ake sanabwerenso kudzatenga, nkumazisoka ndi waya komanso ulusi wofiira mwaluso lawolawo. Aka kanali koyamba m'moyo wawo kuti nyumba yaikulu ngati imeneyo iwaitane.

Amisiri anayang'ana pansi pong'anima paja nthawi yaitali. Sanakalipe. Anangoti, "Mwakolopa bwino," natuluka.

Mtsikana uja ntchito inatha tsiku lomwelo. Nkhani inawanda, anthu anaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo dzina lakuti Nasesa linamumatirira. Inenso ndinaseka nawo, sindikana.

Anatha masabata awiri osatuluka m'nyumba. Azakhali ake atatopa nazo anamuvundukula bulangete. "Iwe, kulira kwakwana. Oyenera kulira ndi bambo aja. Wapitako kukapepesa?"

Anadzuka napita. Anawapeza pakhonde paja akukhoma chidendene cha nsapato.

"Bambo, ndine uja ndinataya ntchito yanu."

"Ndakuzindikira. Ukufuna chiyani?"

"Ndilibe choti ndingakupatseni, ndili ndi manja okha. Tiyambirenso. Tsiku lina ntchito yanu idzalowanso m'holo muja, ndipo mudzaiona ndi maso anu."

Amisiri anaika hamala pansi naseka. "Iwe akuthamangitsa dzanadzanali, ndiye ukandilowetse ine? Chabwino, tenga thumba ilo, uyambe kutola."

Lonjezolo linalibe mutu weniweni, koma ndi limene linkamudzutsa m'mawa uliwonse kwa zaka khumi ndi chimodzi.

M'mawa ankachapa zovala m'makomo mwa anthu. Masana ankayenda m'ngalande, kumsika ndi kudepoti ya basi kutola nsapato zotayidwa, anthu akumamuyesa wamisala. Akabwera nazo, Amisiri ankatenga imodzi nkumupatsa. "Ndiuze mwini wake." Poyamba ankangoyankha kuti ndi nsapato yakutha basi, ndipo ankamubweza. Patapita miyezi anayamba kuona. Uyu ankatsimphina mwendo wamanzere. Uyu ankapalasa njinga. Aka kanali kamwana kovala za mkulu wake, popeza kanaponderamo mapepala kutsogolo kuti nsapato isavuke.

Kusoka kokha kunamukanika. Amisiri ankati msoko wake umaoneka ngati khola la mbuzi lomangidwa ndi munthu woledzera. Koma Nasesa anali ndi luso lina limene iye mwini sankalidziwa. Akaika nsapato zitatu pakhonde, odutsa ankaima nkuyang'ana. Amisiri akaziika okha, anthu ankangodutsa. "Ine ndimapanga, iwe umayala," anatero bambowo tsiku lina. "Imeneyonso ndi ntchito."

Choncho anayamba kukonza tizionetsero tating'ono: m'galaja ya makanika wina tsiku Lamlungu, m'kalasi nthawi ya holide, pansi pa shedi yodikirira basi. Aluso ena anayamba kumufunafuna, monga mayi wina wojambula pa masaka ndi wowotcherera zitsulo amene ankapanga mbalame ndi zidutswa za njinga. Si zonse zimene zinkayenda. Kamodzi kunabwera anthu anayi okha, ndipo awiri mwa iwo ankangobisala mvula. Loweruka ankakhala ku laibulale akuwerenga mabuku a zaluso, dikishonale ili pambali, mutu ukuwawa.

Myuziyamu ija inali ndi dongosolo loitana munthu wakunja kamodzi pachaka kuti adzasankhe ntchito za aluso, aziyale m'holo, akonzenso zokambirana ndi maphunziro a anthu wamba. Nasesa analemba kalata yopempha mwayiwo kasanu. Kanayi sanamuyankhe nkomwe.

Kachisanu akulu aja, tsopano mutu uli mbuu ndi imvi, anamuitana ku ofesi. "Ndikukukumbukani," anatero. "Ndaonanso zimene mumachita m'magalaja. Holo ndi yanu kwa miyezi itatu."

Koma mwayiwo unafika mochedwa. Maso a Amisiri anali atachita khungu chaka chapitacho, moti sankaonanso ngakhale dzanja lawo. Nsapato zinanso mazana awiri zinali zokonzeka, koma mwini wake akanatha kuziona ndi zala zokha. Ndipo myuziyamu inali ndi lamulo lakuti chinthu chikangoyalidwa m'holo amachizinga ndi chingwe, palibenso wochikhudza, ngakhale amene anachipanga.

Nasesa anapempha kuti m'chionetsero chake musakhale zingwe, aliyense aloledwe kugwira. Akulu aja anakanitsitsa. "Mayi, ino ndi myuziyamu, si msika. Tikalola lero, mawa anthu adzafuna kunyamula mbiya zakale."

Nasesa akanatha kungovomera. Dzina lake likanalembedwabe pachikwangwani chachikulu cha pakhomo, onse omwe anamuseka aja akanaliwerenga. Koma iye anaimirira.

"Abwana, ndinakolopa muno zaka zitatu. M'mawa uliwonse ndinkapukuta zala za anthu pamagalasi. Ndinkadziwa chimene alendo anakonda dzulo lake popanda kufunsa munthu, chifukwa galasi lake ndi limene linkakhala lakuda. Anthu amagwira kale, kungoti amagwira galasi. Nsapato izi zinaponda matope zaka zambiri, dzanja silingaziphe. Ngati bambo aja saloledwa kugwira ntchito yawo, ndibwezereni kalata yanga, holo muipatse wina."

Ine ndikanakhala chete, ndikuuzeni zoona. Zaka khumi ndi chimodzi kugogoda pachitseko, ndiye chitatseguka nkumanena kuti ubwerera? Mtima umenewo si tonse tili nawo.

Akulu aja anavula magalasi nayamba kuwapukuta pang'onopang'ono, ngati kuti yankho lili pamenepo. Kenako anati, "Holo yokhayo basi. Muike beseni la madzi ndi sopo pakhomo. Chikathyoka chinthu, oyankha ndinu."

Chionetsero chinatsegulidwa Loweruka m'mawa. Nasesa sanaitane anthu a mataye okha. Anaitana osoka nsapato a m'makonde onse, sukulu ya anthu osaona, ndi okolopa anzake akale, amene anawakhazika pamipando yakutsogolo ngakhale ankakakamira kumbuyo. Pakhomo panalembedwa kuti: Sambani m'manja, kenako gwirani. Zojambula za pa masaka anazipachika m'munsi kuti ngakhale munthu wa panjinga ya olumala azifikire, ndipo mbalame zachitsulo zinali pamatebulo aafupi. Pakati pa holo panali nsapato zija.

Amisiri analowa atagwira phewa la Nasesa. Atafika pamzere woyamba anagwada, nayamba kupapasa. Sanafulumire. Nsapato iliyonse ankaigwira kumphuno, kuchidendene ndi m'misoko, nkumaitchula ngati munthu. "Uyu ndi wanjinga uja. Aka ndi kamwana ka mapepala." Anatenga pafupifupi ola lathunthu, holo yonse ili zii, ndipo palibe anatuluka. Akulu a myuziyamu anaima pakona atapinda manja, koma chapakatikati anaoneka akufunafuna mpango m'chikwama.

Pamzere womaliza dzanja la Amisiri linaima pa jombo ina.

"Iwe mtsikana, jombo iyi waiyang'anitsa kolakwika. Anzake onse akupita, iyo ikubwerera."

Nasesa anaiyang'ana. Anali atayendera mizereyo kangapo, koma jomboyo inamupulumuka. Anawerama msanga kuti aitembenuze, koma bambowo anamugwira pamkono.

"Isiye. Pa anthu mazana awiri payenera kukhala mmodzi wobwerera. Iwe ukanapanda kubwerera, bwenzi ine ndikadali pakhonde paja." Kenako anati, "Zikomo, mwananga. Chionetsero changa ndachiona."

Nasesa analira pamaso pa anthu onse, osabisa.

Kwa miyezi itatu holo sinakhale yopanda anthu. Loweruka lililonse Amisiri ankakhala pampando pakati pa nsapato zawo akuphunzitsa aliyense wofuna kudziwa mwini nsapato pongoipapasa, ndipo mzere unkafika panja. Sopo ankatha msanga, koma palibe nsapato ngakhale imodzi imene inasowa. Jombo ija inakhalabe choyang'ana kumbuyo mpaka tsiku lotseka.

Lero Nasesa amaitanidwa m'malo osiyanasiyana kukakonza zionetsero, ndipo dzina lachipongwe lija analisunga. Mukamufunsa kuti zinatheka bwanji, sakamba za luso lake. Amathokoza azakhali ake chifukwa chomuvundukula bulangete, amathokoza akulu a myuziyamu chifukwa chosintha maganizo pamaso pa munthu amene anamuchotsa ntchito, ndipo koposa onse amathokoza bambo amene anali ndi chifukwa chokwanira chomuthamangitsira koma anamupatsa thumba. Inenso ndimathokoza kuti ndinakhala ndi moyo mpaka kuona kuti amene tinkamuseka uja anatiposa tonse.

Inu amene mukuwerenga, mwina muli ndi munthu amene munamuwonongera chinthu, ndipo mwakhala zaka mukuzemba njira yodutsa kwawo. Dzukani mupite. Mwina akakutukwanani, mwina akakusekani, koma mwinanso ndi komweko kumene kukuyambira ntchito ya moyo wanu. Musataye mtima, ndipo musadikire kuti manyazi ayambe atha.