Shapu ndi Ng'ombe za ba Shamilimo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene liwu lakuti shapu linandilowa m'kamwa n'kukana kutuluka. Tinkakhala ku Chinyunyu, kuseri kwa msewu waukulu wopita kum'mawa. Kwathu kwenikweni kunali ku Petauke, koma tinasamuka ine ndili wakhanda, ndipo atate atamwalira tinatsala atatu: amayi, ine Mailesi, ndi mlongo wanga amene anali akadayamwa. Ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira kumsewu kukagulitsa nthochi pamawindo a maminibasi, ndipo liwu limeneli ndinalitola kumeneko.

Ndi lachizungu, koma mwini wake akanamva mmene tinkalipindira sakanalizindikira. Kondakitala akamenya chitseko n'kukuwa kuti "Shapu!" ndiye kuti dalaivala anyamuke. Ukafunsa mnzako kuti "Bwanji?" iye n'kuti "Shapu," ndiye kuti wadzuka bwino. Munthu akalandira nthochi zake pawindo, shapu. Potsanzikana, shapu. Mwana wochenjera ankatchedwa washapu, mkangano ukatha ankati zili shapu, ndipo ndinamvapo mnyamata wina akufunsira mtsikana pasiteshi, yankho lonse n'kukhala lomweli. Ine ndinalikonda koopsa! Linali lalifupi, silinkafuna kuganiza, ndipo ukaliperekeza ndi chala chachikulu choloza m'mwamba unkaoneka ngati wa ku Lusaka. Amayi ankangopukusa mutu n'kumati tsiku lina ndidzayankha shapu m'tchalitchi.

Ife tinalibe ng'ombe. Kumbali kwathu konse pulawo inali imodzi, ya ba Shamilimo, bambo wachikulire wa mtundu wa Asoli amene makolo ake anakhala pamalopo kuyambira kalekale. Mvula yoyamba ikagwa, ng'ombe zawo ziwiri, Bulaki ndi Kapiteni, zinkayenda banja ndi banja, tsiku limodzi pamunda uliwonse. Sankalipiritsa. Ankangofuna kuti nthawi yopalira mukawathandize. Koma ukaphonya tsiku lako unkadikira mpaka onse amalize, ndipo pofika pamenepo nthaka yauma, chimanga cha anzako chamera kale. Kubzala mochedwa kwa ife kunkatanthauza nkhokwe yotha pakati pa dzinja, mwana ali kubere.

Amayi anali atapita kale kukapempha, atanyamula kachigubu ka munkoyo, chakumwa chonga thobwa, ndipo anauzidwa kuti Lolemba adzamve tsiku lawo. Lolembalo mwana anadzuka thupi likutentha, choncho anatuma ine. "Ukafika ugwade, upereke moni, udikire akufunse okha. Wamva?" Ndinamva, inde, koma mtima unali kumsewu. Basi ya masana inali pafupi kufika ndipo sindinkafuna kuti anzanga andilande makasitomala.

Ba Shamilimo ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusema goli. Pabwalo pankanunkha ndowe ndi nthaka yonyowa. Ndinagwada mwachinyengo, bondo osakhudza n'komwe pansi, n'kunena chimene ndadzera iwo asanandifunse. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, "Ukauze amai ako kuti pa Chinayi m'mamawa ng'ombe zizabwera." Pomwepo ndinamva hutala ya basi chapatali. Ndinadzambatuka, chala m'mwamba, "Shapu, ba Shamilimo!" n'kuliyatsa liwiro. Sindinaombe m'manja, zikomo sanatuluke. Chimene anaona ndi msana wanga basi.

Lachinayi amayi analawirira kuphika mbatata za olima ndi kutulutsa mbewu. Tinadikira kumunda mpaka dzuwa linafika pamutu. Kenako tinamva mluzu ndi mkwapulo kutsidya kwa dambo. Ng'ombe zinali kulima kwa ena.

"Tsiku unamva bwino?" anandifunsa amayi. Ndinalumbira kuti ndinamva bwino. "Nanga iwe unayankha chiyani?"

Ndinawauza, ndi chala chomwe ndinawaonetsa, uchitsiru wanga ine! Amayi anakhala pansi pachiputu, manja ali pamutu. "Mayo ine, Mailesi." Sanandimenye, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Ndinawapempha kuti apite akalankhule nawo, poti akuluakulu amamvana okhaokha. Anakana. "Ine ndinagwada kale. Atsala ndi maondo ako." Atatero anabereka mwana, anatenga khasu n'kuyamba kugaula munda wonse uja okha.

Ndinali wamantha, ndivomere. Tsiku limenelo sindinapite, ndipo Lachisanu ndinathawira kusukulu. Pobwerako ndinawapeza amayi pakhonde akuyesa kufinya thewera la mwana, koma manja akukana. Matuza anali ataphulika m'zikhatho zonse, mofiira mukutuluka madzi. Ndinapita kukaona kumunda. Pamene anagaula masiku awiri onsewo panali pang'ono pomvetsa chisoni, ndipo pamwamba pa nthaka panali patayamba kale kuchita mbuu. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire.

Loweruka m'mamawa ndinapita. Ndinapeza ba Shamilimo akutulutsa ng'ombe m'khola. Ndinagwada patali, maondo onse m'matope, ndinaomba m'manja, ndinapereka moni n'kudikira. Anandisiya pomwepo mpaka anamaliza kumanga goli, miyendo yanga itachita dzanzi.

"Ndiwe uja wa shapu?" anatero.

"Ndine."

"Niuze, vitanthauza chani?"

Ndinayamba kutchula uku mamina akutsika: moni, zikomo, tsalani bwino, ndamva, basi inyamuke. Pa basi paja anaseka pang'ono, koma kuseka kunatha msanga.

"Liu lako silinanipweteke," anatero. "Uko ku msewu mukamba na anthu opita. Basi ithamanga, palibe nthawi, liu limodzi likwana. Manje ine sindine minibasi, mwana wanga. Nili pano lelo, mailo nizakhala pano. Amai ako akadwala, ndine nizamanga ngolo kuwapeleka ku chipatala ku Mpanshya. Munthu wamene ukhala naye, umupatse nthawi. Ugwade, akuone kumaso."

Ndinapepesa, ndipo ndinawauza za manja a amayi. Anayang'ana ng'ombe, anayang'ana kumwamba, kenako anandiponyera chingwe. "Tsogola. Njira uidziwa."

Akazi awo anatulukira pakhomo la khitchini chipande chili m'manja. "Imwe, nanga munda wathu? Lelo si tsiku lathu?"

"Uzayembekeza," anatero ba Shamilimo osatembenuka.

Apa m'pamene ndinadziwa kuti Loweruka limenelo anali atalisungira munda wawo. Lamulungu ng'ombe sizinkagwira ntchito, ndipo masiku onse a sabata yotsatira anali atalonjeza kale mabanja ena.

Amayi atationa tikutulukira, ine kutsogolo, Bulaki ndi Kapiteni pambuyo, anaponya khasu pansi n'kugwada mumzere momwemo. Anayesa kuomba m'manja koma analephera, anangogundanitsa nsonga za zala. Ba Shamilimo anawaletsa kugwira mbewu tsiku limenelo. Iwo anagwira pulawo, ine ndinatsogolera ng'ombe, ndipo madzulo ndinabzala ndekha mpaka msana unauma. Fungo la nthaka yotembenuzidwa kumene ndi mpweya wotentha wa ng'ombe pakhosi panga ndimazimvabe mpaka lero.

Chimanga chathu chinamera bwino ndipo tinadya mpaka kukolola kwina. Munda wa ba Shamilimo unalimidwa patatha masiku asanu ndi anayi, mvula itadukiza. Unali m'mbali mwa njira ya kusukulu, ndiye ndinkauona tsiku lililonse: chimanga chachifupi, chopinimbira, chotumbuluka. Nthawi yopalira ndinapitako masiku ochuluka kuposa amene tinkayenera. Iwo sanatchulenso nkhaniyi ngakhale kamodzi, kupatula kundiitana kuti "Mailesi wa minibasi" akafuna kundiseka.

Lero ndine mphunzitsi ku Lusaka, ndipo shapu ndimamunenabe tsiku ndi tsiku, pafoni, pabasi, pamsika. Ndi liwu labwino kwa anthu ofulumira, ndilibe nalo mlandu. Koma munthu akandichitira chinthu chenicheni ndimakhala pansi, ndimamuyang'ana, ndimamuthokoza mosathamanga. Ana anga amati ndimachedwetsa anthu. Achedwe.

Ndimawathokoza amayi chifukwa anakana kukagwada m'malo mwanga, ngakhale kukanako kunawadyera zikhatho. Za ba Shamilimo, ndili mwana ndinkaganiza kuti anangondikhululukira, ngati kukhululuka ndi kwaulere. Iwo anamwalira ndili kukoleji, ndisanakule mokwanira kuwauza chimene ndikudziwa tsopano. Nsima imene tinadya dzinja lotsatiralo inachoka m'nkhokwe mwawo.