Tsiku limene a Barnaba anavula nsapato

Fungo la polishi wa nsapato limandibwezera kwathu ku Mbungo, pachilumba, pakhonde la a Barnaba, ngakhale ndikhale kutali chotani. M'mawa uliwonse ife tikudutsa ndi madengu a chinangwa chovuwika pamutu, madzi ake onunkha akutsikira m'khosi, iwo ankakhala pampando wa ndalema atavala jekete yakuda, akupukuta nsapato zomwe zinali zowala kale. Pamwala wa pafupi ndi khonde ankayanikapo mabatire ngati usipa, ati dzuwa liwabwezere mphamvu. Mudzi wonse nsapato tinkasungira Lamulungu, koma a Barnaba ngakhale kokatola mango ankapita nsapato zikulira kuti kwiki kwiki.

Anali oyandikana nafe nyumba. Unyamata wawo wonse anakathera ku Bulawayo, kumene ankagwira ntchito m'nyumba yojambuliramo nyimbo. Pobwerera kwawo abale ankayembekeza njinga kapena makina osokera, koma iwo anatsika m'sitima ya panyanja ndi bokosi la makina ojambulira mawu pa kaseti, okolekera paphewa, pamodzi ndi maikolofoni awiri, timiyendo tawo tachitsulo, nthambo zokulungidwa mwaudongo ndi zomvera za m'makutu. Akwaya kapena amalipenga akafuna kudzimva mmene amayimbira, ankawaitana. Asanayambe kujambula ankawomba m'manja kamodzi, kumvetsera mmene phokoso likubwererera kuchokera kukhoma kapena kumatanthwe, kenako n'kuyamba kusuntha anthu akuluakulu uku ndi uku.

"Inu a besi, bwererani m'mbuyo," ankatero. "Khutu lanu limasankha chomvera, koma maikolofoni sasankha. Amene wamuyandikira ndiye amam'tenga."

Ana sitinkawakonda, ndinene zoona. Munthu wosaseka, wodana ndi mchenga pamudzi wa m'mphepete mwa nyanja. Ng'oma ingakome bwanji, iwo ngakhale mutu sankagwedeza. Azakhali anga a Egnesi, omwe pakamwa pawo panalibe chitseko, ankati ku Bulawayo anawathira simenti m'chiuno.

Amayi anga ndiwo ankatsogolera nyimbo pa chiwoda, gule wa amayi amene amavina mozungulira, ng'oma zili pakati pa bwalo. Akakweza mawu, asodzi ankawamva ali m'mabwato. Ndisanathe msinkhu, pakhosi pawo panatuluka chotupa. Kuchipatala anati akachitidwe opaleshoni kumtunda, kutsidya la nyanja, ndipo anawauza mosabisa kuti moyo ungapulumuke, koma mawu mwina sadzabwerera. Sitima yowatenga inali kubwera sabata yomweyo.

M'mawa wina tikuchokera kotunga madzi, amayi anatula ndowa panjira n'kupatukira kukhonde lija, ine ndili pambuyo.

"Bambo Barnaba, ndabwera ndi pempho," anatero atagwada. "Mundisungireko mawu anga m'makina anuwo. Lusia wangayu akadali mwana, adzaiwala."

A Barnaba anaika burashi pansi. "Zimenezo n'zosavuta, amake Lusia. Khalani pakhonde pompano muyimbe nokha, zituluka zoyera bwino."

"Ndekha? Nyimbo zanga zimafuna oyankha, zimafuna mapazi. Mukandijambule m'bwalo."

Masana a tsiku lotsatira amayi a gule anasonkhana pansi pa mlambe. Mphepo ya mwera inkawomba ndithu, choncho a Barnaba anaveka maikolofoni onse awiri masokosi awo aubweya kuti mphepo isabangule m'kaseti, n'kuwaimika pa timiyendo kunja kwa bwalo, wina uku wina uko. Nyimbo itatha anabweza kaseti tonse titaunjikana. Ng'oma zinali gu gu gu kudzaza paliponse. Mawu a amayi anga ankatulukira pang'ono akamadutsa pafupi ndi maikolofoni, kenako n'kumira akazungulira mbali ina, ngati bwato m'mafunde. Chotupa chija chinali chitawachepetsa kale mphamvu.

"Ng'oma zituluke m'bwalo zipite uko kumatanthwe," a Barnaba analamula. "Ndipo amake Lusia aime pamalo amodzi, pamaso pa maikolofoni."

"Ng'oma kunja kwa bwalo?" a Egnesi anagwira m'chiuno. "Wotsogolera ataima njo ngati mzati? Bambo, chimenecho ndi chiwoda kapena Misa?"

Komabe amayi anga anayesa. Anaima chilili n'kuyamba nyimbo, koma popanda mapazi nyimbo inakana kudzuka, oyankha analowa mochedwa, ndipo pakati pake chifuwa chinawagwira. Anakhala pansi atagwira pakhosi. Ine mantha anandigwira, chifukwa ndinaona kuti mawu otsala m'khosimo anali ochepa, ndipo tinali kuwawononga pachabe.

A Barnaba anayang'ana bwalo nthawi yaitali. Kenako anatsikira kunyanja, nabwera ndi nsungwi yaitali yobwereka kwa msodzi wina. Anamangirira maikolofoni mmodzi kunsonga kwake ndi mphira, makina anawakoleka paphewa, zomvera m'makutu.

"Ng'oma zibwerere pakati. Vinani monga mumavinira. Ine ndiziwatsatira amake Lusia kunja kwa mzere."

Anazungulira nawo atakweza nsungwi pamwamba pa mutu wa amayi anga, ngati munthu wowedza. Pobweza kaseti mawu a amayi anamveka pafupi, ng'oma zili kumbuyo kwawo pamalo pake. Tinayamba kulululutira, koma iwo anakweza dzanja. Pansi pa nyimbo pankamveka kwiki kwiki, ndi kukhula kwa jekete pa nthambo.

Anakhala pamuzu wa mlambe. Anavula jekete n'kuipinda. Kenako anawerama n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato, ndipo bwalo lonse linangoti zii. Palibe mwa ife amene anaonapo mapazi a a Barnaba. Anali otumbuluka ndi ofewa ngati chinangwa chosenda, ndipo ataponda pansi anakwinya nkhope chifukwa cha timiyala.

Anayambanso, koma nyimbo isanafike patali anaimitsa ng'oma.

"Mapazi anga akugwera pakati pa mapazi anu," anatero. "Akumveka paokha."

"Ndiye pondani pamene tikuponda ifepo, bambo," a Egnesi anayankha. "Kwathu kuno kumeneko timati kuvina."

Amayi ena anagwa pansi ndi phwete. A Barnaba sanaseke. Anayang'ana kasingano ka pamakina kosonyeza kuti mabatire akufooka, anayang'ananso amayi anga amene ankameza malovu movutikira.

"Chabwino, mayi Egnesi. Ndiphunzitseni."

Anavina tsiku limenelo, ine ndinaona ndi maso angawa ndili kumchira kwa mzere pamodzi ndi atsikana anzanga. Manja ali gwa kugwira nsungwi kuti maikolofoni asagwedezeke, nkhope ili yomangika ngati ali pamaliro, thukuta likunyowetsa malaya oyera, koma mapazi akuponda ndi amayi, kutsogolo, kumbuyo, kukhwekhwereza. Mapazi akapita chiuno sichitsala, ndipo simenti ija inasweka anthu akuona. Mbiri inathamanga mpaka kugombe, asodzi anasiya maukonde, ana anakwera m'matanthwe. Chovuta chinali chakuti kuseka kunali koletsedwa poopa kuwononga kaseti, choncho amayi oonerera ankaluma nsonga za zitenje misozi ikutsika. Amayi anga okha sanacheuke. Anatseka maso n'kuyimba nyimbo zawo zonse imodzi ndi imodzi, oyankha akuwalandira, mpaka mawu anatha okha.

Kuyambira pamenepo a Barnaba anapatsidwa dzina lakuti Anachiwoda, ndipo linawakakamira mpaka kumanda. Anyamata ankawakuwiza nalo panjira ya ku Khuyu. M'mawa mwake mwa gule uja a Barnaba anali pakhonde monga kale, jekete pathupi, burashi m'manja, kungoti mapazi anali m'beseni la madzi ofunda chifukwa cha matuza.

Amayi anabwerako kumtunda ali moyo, ndipo anakhala nafe zaka zambiri, koma mawu awo anatsala konko. Ankalankhula monong'ona, pofuna kuitana munthu ankawomba m'manja. Ana anga anawadziwa chotero. Tsiku lina ndinawayimbira kaseti ija agogo awo ali pomwepo akusenda chinangwa, ndipo wamng'ono anafunsa kuti, "Mayi akufuula chonchiyu ndani?" Amayi anaika mpeni pansi n'kudzigunda pachifuwa, akumwetulira, milomo ikutsatira nyimbo.

Nditakula ndinapita kukawathokoza a Barnaba, atakalamba kwambiri, maso atachita khungu. Ndinawauza kuti chimene anatichitira sindidzatha kuchibweza. Iwo anangoti, "Pa nyimbo yomaliza ng'oma zinakwera pang'ono. Ndikanatsitsa nsungwi." Ndinaseka mpaka kulira, ndipo kwa nthawi yoyamba nawonso anaseka.

Lero nyimbozo ndinazisamutsira mufoni, ndipo ndikawasowa amayi ndimavala zomvera m'makutu. Ndimawamva akukweza mawu, ndimamva a Egnesi akuyankha mopitirira anzawo, ng'oma, ndi mapazi a amayi onse akugwa pamodzi. Nthawi zina ndimasiya nyimbo n'kutchera khutu pansi pake, kufunafuna mapazi a mwamuna mmodzi wovula nsapato. Ndafunafuna zaka zonsezi, sindinawapezebe.