Nshawa za Munthu Wotukwana

"Mulibe nzeru inu, a Mbewe!" anakuwa a Tembo, aneba anga, ng'ombe zanga zitawadyera chimanga. Ndinavula jekete kuti tiphane basi. Koma mkazi wanga ankakazinga nshawa, mtedza uja, ndipo fungo lake litandipeza ndinayamba kuseka ngati wopenga.

Ndinakumbuka agogo anga ku Pembamoyo. Munthu akawatukwana, m'mawa mwake ankamupititsira nshawa zokazinga n'kumupempherera pakhomo pake pomwepo. Ine, mwana wadyera, ndinaona kuti nshawa zimabwera ukatukwana. Ndiye ndinakaima patsogolo pawo.

"Agogo, mutu wanu ngati dzungu."

"Zikomo, mdzukulu wanga."

Kutacha anabweradi ndi mbale yodzaza. "Gwada, tseka maso."

Pemphero analiyambira kwa Adamu, nshawa zikununkhira pamphuno panga. Pofika kwa Mose mawondo anali atachita dzanzi. Pa ameni ndinatsegula maso, nkhuku zitamaliza mbale yonse. Agogo anaseka mpaka misozi.

Ndiye m'mawa mwake mwa tsiku la ng'ombe lija ndinagogoda kwa a Tembo, thumba la chimanga panjinga, mbale ya nshawa m'manja. Pemphero lokha ndinalifupikitsa, poti nkhuku zawo ndimazidziwa.