Ukonde Wakola Pamwala

Linali Lachiwiri, mwezi wa Julaye, ndipo foni imasonyezabe nthawi yake mpaka lero: 9:14 m'mawa. Ndinali pathandala loyanikapo nsomba ndikutembenuza usipa pamene uthenga wamawu unalowa. Unachokera kwa amuna anga, amene anapalasa bwato okha m'mamawa kukavuula matchera, maukonde amene anatchera usiku. Manja anga anali ndi mamba, ndiye ndinati ndimvetsera ndikamaliza. Ndinadzamvetsera dzuwa lili paliwombo, mwera utayamba kale kusasula zisakasa za padoko.

Foni yawo ankaikulunga m'jumbo ya shuga kuti isanyowe, ndipo ankalankhula osaitulutsa. Chimene chinamveka ndi phokoso la pulasitiki, mphepo, mafunde akumenya bwato, ndi mawu awo pansi pa zonsezo ngati munthu wolankhulira mumtsuko. Sanabwere tsiku limenelo. M'mawa mwake bwato linapezeka cha kumpoto litagadabuka, lopanda munthu.

Alamu anga, akulu awo a amuna anga, anamvetsera uthengawo kangapo, foni ataikanikiza kukhutu. Anati mng'ono wawo akunena kuti "wakula mwela." Amuna anga anali Myao, ine ndinabadwira ku Nkhudzi, ndipo ankandilankhula Chichewa cha lilime lakwawo, mwera iwo ankati mwela. Aliyense amene anamvetsera pambuyo pa alamu anamvanso zomwezo. Choncho mabwato ofufuza analowera kumpoto, kumene mwera umakankhira chilichonse. Masiku awiri anabwerako chimanjamanja.

Lachinayi madzulo alamu anati akatha mapemphero a Juma mawa lake asiya kufufuza. Anthu ali ndi ana ofuna kudya, ndipo nyanja ikafuna kubweza imabweza yokha. Sindinawatsutse. Koma ine ndinalibe poima. Sindinali mkazi wapabanja, komanso sindikanayamba eda, kubindikira kwa mkazi wamasiye, popeza panalibe thupi losambitsa, panalibe manda. China chinkandivuta mumtima. Munthu wokulira panyanja sangatumize uthenga wondiuza kuti kuli mphepo, ine ndili pagombe ndikuiona ndekha.

Mwana wa mkulu wanga, mtsikana wogwira ntchito ku situdiyo yojambula nyimbo zachisilamu za kaswida ku Mangochi, anandiimbira kuti ndimutumizire uthengawo. Kutumiza sindidziwa, ndipo ndinkaopa kuti chala chingaterereke n'kuufufuta. Lachisanu m'mawa ndinamanga foni pansonga ya chitenje, n'kukwera njinga yamoto kuchoka ku Lungwena.

Chipinda chake chinali chaching'ono, makoma omata masiponji. Anandifotokozera kuti pakompyuta pali pulogalamu imene eni ake anaiphunzitsa poipatsa mawu a anthu ambirimbiri, ena oyera, ena osakanikirana ndi mvula, magalimoto ndi mphepo, mpaka inazolowera kusiyanitsa munthu ndi phokoso. Ndinafunsa ngati zili ngati kupeta. Anati eya, koma nthawi zina lichero lake limataya ndi mpunga womwe, ndipo pamene sinamve bwino imangoyerekeza. Anatinso kalankhulidwe ka kwathu kuno mwina sinakamvepo kwenikweni.

"Amayi, musaikhulupirire kuposa makutu anu," anatero akundiveka mahedifoni.

Ulendo woyamba inapeta mopitirira. Panatsala kung'ung'udza ngati munthu ali pansi pamadzi, ndipo ndinavula mahedifoni n'kutuluka panja. Nditabwerera, mwanayo anaichepetsa mphamvu kuti isiyeko mphepo pang'ono. Anayesa kachiwiri, kachitatu. Ine maso anali pawotchi ya pakhoma, ndikuwerengera msewu wobwerera ndi nthawi ya Juma. Pa ulendo wachinayi jumbo ija inakhala chete, ndipo ndinamva amuna anga. Mawu anali ouma, koma awo ndithu: "Ukonde wakola pamwala, ndichedwa."

Wakola, osati wakula. Pamwala, osati mwela. Mwalawo ndimaudziwa. Uli kumwera kwa doko lathu, wobisika pansi pamadzi, ndipo umang'amba maukonde a anthu chaka ndi chaka. Ukonde ukakola pamenepo, amuna anga ankalowa m'madzi kukauwonjola ndi manja. Mabwato onse aja anafufuza mbali ina.

Mwanayo anandiikira uthenga wopetedwawo m'foni, ndipo ndinafika kwathu anthu akutuluka mumzikiti. Alamu poyamba anakana kumvetsera. Anati kompyuta sinapalasepo bwato, ndipo ngati ingathe kuchotsa mphepo, ingathenso kuika mawu m'kamwa mwa munthu. Ndinavomera, ndipo ndinati mwanayo wanena yekha zimenezo. Kenako ndinawapempha kuti amvetsere wopetedwawo kamodzi kokha, akatero abwerere ku wakale uja waphokoso, umene kompyuta sinaukhudze. Anthu anatizungulira, ena atanyamulabe nsapato m'manja. Alamu anamvetsera wakalewo kawiri, maso ali pansi. Ine ndinkaona chala chawo chili pafupi ndi pofufutira.

"Mawuwa analimo kale, alamu," anatero potsiriza. "Khutu langa ndi limene linathamangira mphepo."

Mabwato atatu anapita kumwalako. Anawapeza amuna anga chakumadzulo, mwendo utakulungika mu ukonde wawo womwe. Anawasambitsa, anawaveka sanda, n'kuwaika dzuwa lisanalowe. Eda ndinayamba tsiku lomwelo.

Amayi ena amandifunsa ngati zikanasintha ndikanamvetsera uthengawo nthawi imene unalowa. Sindidziwa. Mwina nanenso ndikanangomva mphepo.

Mauthenga onse awiri ali m'foni. Wopetedwa uja sindiutsegula, chifukwa mawu ake ndi oona koma mulibe kupuma kwawo. Ndikawafuna ndimamvetsera wa m'jumbo. Masiku ano ndimagula usipa padoko, ndimayanika pathandala lomwe lija, ndipo foni ikalira ndimapukuta manja n'kumvetsera nthawi yomweyo.